Mota ya Chigayo Imene Ndinaitanitsa ndi Pakamwa

Chigayo changa cha ku Kanyama chinaima mu 2024, chaka chimene madzi anachepa ku Kariba, magetsi n'kumathima tsiku lonse. Akabwera pakati pa usiku tinkagaya mothamanga, osapumitsa makina, kuti chimanga cha anthu chisagonere. Usiku wina mota inatulutsa utsi ndi fungo la waya wopsa, ndipo sinadzukenso.

Mitengo ya m'mashopu a m'tauni inandibweza. Mnzanga wina anandipatsa nambala ya munthu woitanitsa katundu ku China. Ndinatenga ndalama za chilimba, zimene mayi a kunyumba ankadalira pa zosowa za ana, n'kuwonjezerapo za kaloba. Pa WhatsApp ndinalemba momwe timanenera tonse kuno: "Mota ya chigayo, mahosi 15." Ndinatumizanso chithunzi cha yopsayo, ili mbuu ndi ufa. Anayankha kuti wamva. Sanandifunse china, inenso sindinawonjezere kanthu, poti kwa ine zonse zinali zitanenedwa.

Tsoka linayambira panjira. Katundu atatsika pa doko la Dar es Salaam n'kufika pa Nakonde, wondikonzera mapepala anaimba kufunsa zimene zinali m'bokosi. Ndinati makina a chigayo, iye n'kulemba momwemo. Komatu pamalire katundu amadziwika ndi nambala ya Harmonized System, dongosolo la World Customs Organization ya ku Brussels limene linayamba kugwira ntchito mu 1988. Mota zamagetsi zili pa 8501, pamene makina ogaya mbewu ali pa 8437, ndipo msonkho umatsatira nambalayo. Bokosi litatsegulidwa, za pa pepala zinasiyana ndi za mkati. Linakhala pomwepo kudikira kuti mapepala akonzedwe, ine ndikulipira posungira, kaloba nayo ikubereka.

Tsiku limene inafika, anyamata anathandizana kuitsitsa pa kagalimoto, azimayi oyandikana nafe akufunsa ngati mawa abwere ndi chimanga. Titachotsa matabwa, mtima unangoti zii. Motayo inalibe miyendo. Kutsogolo kwake kunali mbale yachitsulo yamabowo, yomangira pakhoma la makina ena. Ndinaitana wowotcherera wa ku Kalingalinga, amene anaipangira chokhalira. Titayatsa inazungulira bwinobwino, koma chigayo chinkalira motsitsa. Ufa unkatuluka wamisere, sefa ikutsekeka, thumba limodzi likudya nthawi ya awiri. Mayi wina anaufikisa m'manja, anandiyang'ana, n'kusenza chimanga chake kupita kwina.

Ndinapita ku Matero kwa mdala wina wokulunga mota, nditanyamula yakale ija. Sanayambe ndi kundifunsa kanthu. Anatenga burashi ya waya ndi kansanza ka parafini n'kupala pambali pa motayo, mpaka panatuluka kachitsulo kolembedwa kamene zaka zonsezi kanakwiririka ndi ufa. Anawerenga ndi chala: 11 kW, 50 Hz, 2930 r/min, 160M, B3, IP55. Kenako anaona chithunzi cha kachitsulo ka mota yatsopano: mphamvu yomweyo, koma 1460 r/min ndi B5.

"Mwana wanga," anatero, "mahosi anakupatsa okwana. Koma iyi imathamanga theka la inzakeyi. B3 ndi ya miyendo, B5 ndi ya mbale. 160 ndi mamilimita kuchokera pansi kufika pakati pa shafti. IP55 ikukuuza kuti fumbi ndi madzi owazidwa siziiwononga msanga. Ukanangotumiza chithunzi cha kachitsulo aka, bwenzi ukugaya."

"Nanga wogulitsayo sakanandifunsa, amdala?"

"Akanayenera. Koma chigayo ndi chako."

Mwana wawo wamkazi, amene anaphunzira zamagetsi ndipo amagula zipangizo pa fakitale ina, ndiye anandifotokozera kumene zilembozi zimachokera. Bungwe la International Electrotechnical Commission, limene linakhazikitsidwa mu 1906 ndipo likulu lake lili ku Geneva, limasunga dikishonale yotchedwa Common Data Dictionary, yomangidwa pa muyezo wa IEC 61360. Mmenemo mtundu uliwonse wa chipangizo uli ndi nambala yake, ndipo chilichonse chouyeza nacho, kaya liwiro, mphamvu kapena kutalika kwa shafti, chili ndi nambala, tanthauzo limodzi ndi muyeso wake, monga munthu alili ndi chitupa chake cha NRC. Makampani a ku Germany anayambitsanso ECLASS, imene imaika katundu m'magulu ndi manambala 8. Fakitale ikaitanitsa mota kudzera m'madongosolo otere, kompyuta imaonetsa mipata yonse yofunika kudzaza. Wa ku Shanghai ndi wa ku Lusaka angalephere kumvana chilankhulo, koma pa mpata wa liwiro onse amawerenga chinthu chimodzi.

Zinandiwawa kumva kuti dongosolo lotere lilipo, ife eni zigayo, mapampu ndi makina owotcherera a m'makomboni tikugulabe ndi maso ndi pakamwa. Fakitale ikalakwitsa imabweza katundu. Ife tikalakwitsa, ndi chilimba cha banja chimene chimapita. Ngakhale kabering'i kakang'ono kali ndi dzina lake lenileni: 6204 bowo lake ndi mamilimita 20, 6205 ndi 25, koma ambiri timangoti "yofanana ndi iyi".

Motayo inapulumuka. Mdala uja anawerengera pule yaikulu kawiri, tinagula malamba ena, ndipo chigayo chikugayanso ufa wosalala. Koma ngongole ya kaloba ndinaimaliza pogulitsa firiji ya m'nyumba, ndipo ena mwa amene ankagayitsa kwa ine anazolowera kwina.

Anzanga a ku Chawama, George, Mtendere ndi kwina konse, pukutani kachitsulo ka pa makina anu lero, akadali amoyo. Kajambuleni, ndipo manambalawo muwalembe m'buku. Poitanitsa tumizani onse, ndipo muuze wogulitsa akutumizireni a chimene akukupatsani musanatulutse ngwee. Aphunzitsi a ntchito zamanja ndi a Zambia Bureau of Standards, tifikireni nafenso m'makomboni ndi maphunziro amenewa m'chilankhulo chathu, chifukwa nsima ya mabanja ambiri mu Lusaka imadalira timakina timeneti.