Kazembe Wopanda Dziko: Malangizo kwa Ongoyamba Kumene

Tiyambe ndi kukuyamikirani, bwana, pa mpando umene anzanu akukhazikani. Gulu lanu la osewera lakhala pansi, laona kuti kumenya nkhondo simutha, kusunga chuma ndiye ayi, koma pakamwa pokha Mulungu anakupatsani, ndipo lakusankhani kukhala kazembe. Suti palibe, galimoto ya mbendera palibe, za malipiro musafunse n'komwe. Komabe musadziderere. Kuyambira lero anthu mazanamazana amene simunawaonepo nkhope azigona tulo tabwino kapena kudzuka pakati pa usiku malinga ndi zimene inu mwalemba pa pulogalamu yochezera ya Discord.

Masewera ake ndi monga Travian, Tribal Wars, Rise of Kingdoms ndi mkulu wa onsewo, EVE Online, amene kampani ya CCP ya ku Reykjavik inawatulutsa mu 2003. Mfundo yake ndi imodzi. Mumamanga mudzi kapena malo anu m'mlengalenga, kusonkhanitsa chuma ndi asilikali, kenako tulo timakugwirani pamene masewerawo sagona. Mukadzuka mupeza mnansi wanu wasesa zonse. N'chifukwa chake aliyense amathawira m'gulu, magulu n'kumapanga migwirizano, migwirizano n'kumafuna munthu wokalankhula ndi adani. Munthuyo ndinu.

Chida chanu choyamba ndi pangano losamenyana, limene osewera amangoti NAP. Lilembeni mwaulemu wonse. Muikemo ndime, tizigawo ta ndime, malire a dera la aliyense, chindapusa cha membala amene wabera mnzake mwangozi, ndi mawu onena za ubale wosatha. Likatalika kwambiri ndi bwino, chifukwa palibe amene adzaliwerenge mpaka tsiku lofuna kuliphwanya. Chimene muyenera kusunga mumtima n'chakuti panganoli lilibe khoti, lilibe polisi, lilibe mfumu. Eni masewera sadzabwera kudzakuweruzirani. A CCP ndiye amachita kunyadira kuti kunamiza, kuba ndi kupereka mnzako, malinga zichitikire m'kati mwa masewera, ndi mbali ya masewerawo. Choncho mnzanu akasaina NAP, chimene akunena ndi ichi: tidzakumenyani ndithu, koma sabata ino tili ndi wina kaye. Inunso mukunena zomwezo, ndiye palibe wolakwira mnzake.

Musaiwale ndime ya chenjezo, yonena kuti wofuna kutuluka m'pangano adziwitse mnzake kutatsala maola 48 kapena 72. Ndimeyi ndi yopatulika, ndipo kazembe wodziwa ntchito amailemekeza potumiza chenjezolo nthawi imene atsogoleri a mbali inayo ali m'tulo, kudzera kwa membala wawo amene wakhala mwezi osalowa m'masewera. Kalata yatumizidwa, umboni ulipo. Kusawerenga n'kwawo.

Phunzirani mawotchi a dziko lonse. Gulu lodzaza ndi anthu a ku Russia limakhala lamphamvu pamene a ku America ali ku ntchito, ndipo a ku Australia amadzuka onse awiriwo atatopa. Pangano ndi gulu limene limagona nthawi yofanana ndi inu n'lokongola pa pepala basi. Bwenzi lofunika ndi lija limakhala maso inu mukuliza mkonono, ndipo tsoka lake n'lakuti lomwelo ndi limene lingakubereni bwino koposa onse.

Tsopano mverani chenjezo limene akazembe a mayiko enieni salifuna: musabweretse mtendere wochuluka. Mu EVE bwenzi limaoneka ndi chizindikiro chabuluu, mdani ndi chofiira, ndipo magulu ambiri amayendera lamulo lakuti amene si wabuluu aomberedwe osafunsa. Ndiye taganizani, mwagwira ntchito usana ndi usiku, mwasainirana ndi a kum'mawa, a kumadzulo, a kumpoto ndi a kumwera, mapu onse asanduka abuluu ndi abwenzi. Mukudikira mendulo. Mamembala anu alowa madzulo, auluka maola awiri osapeza munthu womuombera, atuluka, ndipo mawa lake alowa gulu lina kumene kuli nkhondo. Anthuwa sanagule kompyuta ndi kulipira intaneti kuti azipatsana moni. Siyani mdani mmodzi, makamaka wofooka pang'ono ndiponso wamwano, kuti achinyamata azikhala ndi chochita. Akatha ameneyo, yang'anani pa mndandanda wa abwenzi ndipo muyambe kukumbukira zimene mmodzi wa iwo anakulakwirani chaka chatha. Simudzasowa. Mlandu suwola.

Bwenzi likaitana kuti laukiridwa, yankhani msanga ndi mawu otentha: tili nanu limodzi mpaka imfa, asilikali akukonzeka. Kenako dikirani muone amene akupambana. Ngati ndi bwenzi lanu, fikani kumapeto, muombere kawiri, dzina lanu lilowe m'kaundula wa opambana. Ngati likugonja, apa ife a kuno tili ndi mwayi umene a ku Ulaya alibe, chifukwa tikati magetsi anazima kapena bandulo inatha, palibe amene angatitsutse.

Izi zonse n'zapanja. Nkhani yeniyeni ili m'nyumba, ndipo apa ndichedwepo, chifukwa maufumu aakulu a m'masewerawa kawirikawiri sagwa ndi mfuti za adani. Amagwa ndi munthu wosunga makiyi. Aliyense amene anakhalapo m'banki m'khonde akudziwa kuti wakuba wa kunja saopsa ngati msungichuma amene wayamba kuzimitsa foni chakumapeto kwa chaka.

Tengani nkhani ya Band of Brothers, mgwirizano umene unali woopsa koposa mu EVE, wolamulira dera lotchedwa Delve. Adani awo a Goonswarm analimbana nawo zaka, osawatha. Mu Febuluwale 2009 mmodzi wa akuluakulu a Band of Brothers, wodziwika m'masewera ndi dzina lakuti Haargoth Agamar, anatembenukira kwa adani. Sanagwiritse ntchito zombo zankhondo. Anangolowa ndi mphamvu za udindo wake, n'kuchotsa makampani onse a mu mgwirizanowo, n'kuuthetsa. Ulamuliro wa madera awo unagwa usiku umodzi. Pofuna kuthira tsabola pachilonda, a Goonswarm analembetsa dzina lakuti Band of Brothers kukhala lawo, eni ake n'kusowa ngakhale dzina lobwerera. Phunziro kwa inu, bwana kazembe: musataye nthawi kukambirana ndi mtsogoleri wa adani. Iye ndi wokhuta. Funani wachiwiri kapena wachitatu wake, uja amagwira ntchito yonse koma sayamikiridwa, ndipo muzimufunsa mmene wadzukira.

Njira imeneyi inabala zipatso kachiwiri mu Sepitembala 2017, ndipo nkhani yake ikukhudza mpando wanu womwewo. Mgwirizano wa Circle of Two unali ndi mtsogoleri waukali, gigX, ndi kazembe wamkulu wotchedwa The Judge. Kazembeyu analinso m'bungwe la osewera osankhidwa limene limakakumana ndi a CCP ku Iceland, ndipo kumeneko ankakhala pa tebulo limodzi ndi akuluakulu a Goonswarm. A Goonswarm anamunyengerera pang'onopang'ono kwa miyezi. Usiku wina gigX ali m'tulo, The Judge anasesa chuma cha gulu n'kupereka linga lawo lalikulu, Keepstar, m'manja mwa adani, zombo za mamembala zili momwemo. GigX atadzuka anapsa mtima, n'kuyamba kufunsa kumene munthuyo amakhala kwenikweni ndi kuopseza kuti amudula manja. A CCP anamuchotsa m'masewera mpaka kalekale. Onani bwino mmene chilungamo chinayendera: wakuba anapitiriza kusewera, woberedwa ndiye anathamangitsidwa. Mukaperekedwa, lirani m'kati mwa masewera. Mukangotulutsa mkwiyo kunja, mwaluza kawiri.

Mwina mukuti inu mudzafufuza bwino aliyense wolowa m'gulu. Fufuzani. Kagulu kotchedwa Guiding Hand Social Club kanalipidwa kuti kaphe Mirial, mtsogoleri wa kampani ya Ubiqua Seraph. Anthu ake analowa m'kampanimo, nagwira ntchito mokhulupirika pafupifupi miyezi khumi, mpaka mmodzi anakhala dzanja lamanja la mtsogoleriyo. Tsiku litakwana mu 2005 anamuombera chombo, n'kukokolola nkhokwe zonse nthawi imodzi. Ndiye membala waulesi musamuope. Opani uja amafika msanga pa msonkhano uliwonse, wodzipereka kusunga kaundula, wosadandaula. Koma popeza gulu silingayende popanda munthu wotero, mupatseni makiyi basi, n'kumapemphera.

Pali mdani wina amene sasaina pangano ndi aliyense, ndiye bilu. Mu EVE, kulamulira dera kumafuna kulipira ndalama za m'masewera nthawi ndi nthawi. A Goonswarm omwe aja, chaka chimodzi chokha atagwetsa Band of Brothers, anataya Delve kumayambiriro kwa 2010 chifukwa bilu sinalipidwe, ndipo mtsogoleri wawo yemwe anathetsa mgwirizanowo n'kunyamuka ndi chuma. Pa 27 Januwale 2014 zinachitikanso ku dera lotchedwa B-R5RB, kumene mbali ya mgwirizano wotchedwa Pandemic Legion inaphonya malipiro. Adani anathamangirako, eni ake anabwera kudzateteza, ndipo aliyense anaitana abwenzi ake onse a m'mapangano. Osewera oposa 7,500 anamenyana maola pafupifupi 21. Zombo zikuluzikulu zotchedwa Titan zokwana 75 zinaphulika, ndipo zonse zowonongeka anaziwerengera kuti zikanakwana madola a ku America pafupifupi 300,000. Nanga ndi kazembe uti amene analetsa nkhondoyo? Palibe. Inatha chifukwa tsiku lililonse CCP imazimitsa seva kwa kanthawi, nthawi imene kuno imakhala 1 koloko masana. Mtendere unabwera ndi munthu wokonza makina.

Ngati mukufuna sukulu ya ntchitoyi, sewerani Diplomacy, masewera a Allan Calhamer amene anatuluka mu 1959 ndipo masiku ano amaseweredwa pa intaneti. Mayiko ndi 7 a ku Ulaya, chaka choyambira ndi 1901, malo ofunika ndi 34, ndipo wopambana ayenera kugwira 18. Mulibe mayere. Simungafike pa 18 popanda bwenzi, ndipo simungafike pa 18 bwenzilo likadali ndi zake. Mu 2022 kampani ya Meta inapanga pulogalamu yotchedwa Cicero, n'kuilowetsa m'masewera 40 ndi anthu, ndipo inachita bwino kuposa ambiri. Eni ake ananena kuti anaiphunzitsa kukhala yoona mtima. Ofufuza ena atawerenga mauthenga ake anapeza kuti inkalonjeza n'kuphwanya, ndipo ulendo wina itasowa kwa kanthawi, inabwera n'kuuza mnzake kuti inali pa foni ndi chibwenzi. Ngati makina opanda mtima anaphunzira bodza la chibwenzi, inu muli ndi chifukwa chanji cholepherera?

Achibale akamakusekani kuti mukutaya nthawi ndi zidole, pali dzina limodzi loti muwauze, ndipo apa nthabwala ndaziika pambali. Kazembe wotchuka wa Goonswarm, Vile Rat, dzina lake lenileni anali Sean Smith, ndipo ankagwira ntchito ku unduna woona za ubale ndi mayiko ena wa dziko la America. Anaphedwa pa chiwembu cha ku Benghazi, m'dziko la Libya, pa 11 Sepitembala 2012. Osewera ambirimbiri, kuphatikizapo amene anawagonjetsa pa zokambirana, anasintha mayina a malo awo m'masewera pomukumbukira.

Tibwerere ku ntchito, chifukwa tsiku lophwanya pangano lidzafika ndithu. Mu 2018 mgwirizano wa TEST ndi anzake unkamenya nkhondo mbali imodzi ndi Imperium, gulu la a Goonswarm. Chibwenzi cha nkhwangwa chokoma pokwera. Pofika Julayi 2020 pangano lawo losamenyana linali litatha, TEST italowa m'chigulu chachikulu chotchedwa PAPI, cholinga chili chofafaniza Imperium. Anamenyana kupitirira chaka, a PAPI anapanikiza a Imperium mpaka pa likulu lawo la 1DQ1-A, koma mu Ogasiti 2021 PAPI inatopa n'kubwerera. Choncho musanalengeze kuti mufafaniza munthu, werengani kaye ngati asilikali anu ali ndi tchuthi chokwanira ku ntchito.

Kalata yothetsa pangano ikhale ya munthu wosweka mtima. Yambani ndi kukumbutsa zaka zabwino zimene munadyera limodzi. Nenani kuti mwapirira kwa nthawi yaitali, kuti mwayesa njira zonse, kuti ndi chisoni chachikulu mwakakamizika. Liwu lakuti kukakamizika lisasowe, chifukwa m'mbiri yonse ya masewerawa simudzamva gulu likuvomera kuti linayamba lokha. Muikemo chithunzi cha uthenga wina wamwano wochokera kwa membala wawo, mutadula mzere wa pamwamba pamene wanu anayamba kutukwana. Asilikali anu akhale atafika kale pa malire musanadine batani lotumizira.

Pangano lakalelo musalifufute. Lisungeni pabwino mu kompyuta, chifukwa ikatha miyezi ingapo kudzatuluka gulu lachitatu lokula kuposa nonse awiri, ndipo mudzafuna kulemberanso anthu omwewa. Mudzangosintha deti, ndi kuwonjezera maola a chenjezo kuchoka pa 48 kufika pa 72, poonetsa kuti ulendo uno mwatsimikiza mtima.