Madzi achokera pamwamba, ndalama ichokere kuti?

Amene tinakhalapo m'nyumba zosanjikizana, kaya ku Blantyre kaya ku Lilongwe, nkhaniyi tinaikangana kale mpaka mawu kusasa. Wapansi adzuka m'mawa apeza siling'i yatupa, penti wamatuka, matiresi ali nyowe, chonsecho ndi mwezi wa Okutobala, kunja kulibe ndi kamtambo komwe. Wapamwamba akulumbira pali Mulungu kuti kwake n'kouma gwa. Alipire ndani?

Ena amati palibe chovuta: komwe kwachokera madzi kuchokerenso ndalama. Amenewa kawirikawiri amakhala pansi. Ena amati nyumba ili ndi mwini wake, amene amadziwa kutolera lendi adziwenso kukonza mapaipi. Amenewa kawirikawiri amakhala pamwamba. A landilodi nawo amati nyumba anaipereka ili bwinobwino, ndipo foni yawo, yomwe imagwira bwino kumathero kwa mwezi, tsiku limenelo ilibe netiweki.

Koma tonse tikudziwa mmene zambiri zimayambira. Madzi asiya masana. Munthu atsegula mpope, mungotuluka mpweya, iye ausiya chitsegulire kuti akamabwera awamve. Madziwo abwera 2 koloko usiku, mwini wake ali mtulo, kapena ali kumaliro kumudzi. Sinki idzaza, madzi ayenda pansi, apeza mng'alu m'mbali mwa paipi, basi ulendo wa kwa aneba. Pamenepa pali ena amene amati olakwa ndi a bungwe la madzi, poti amawabweza osagogoda. Maganizo amenewa amasangalatsa mbali zonse ziwiri, koma sanagulirepo munthu penti.

Ndiye pali aja ali ndi mphwawo wophunzira zamalamulo ku Zomba. Awa amatchula mlandu wa ku England wa mu 1868, wa Rylands ndi Fletcher, pomwe madzi a m'damu la munthu anasefukira mumgodi wa malasha wa mnzake, khoti n'kulamula kuti wosunga madziyo alipire ngakhale sanachite dala. Amautchula mokweza, wapamwamba amve. Chomwe mphwawoyo sanawauze n'chakuti mu 1913 kunabwera mlandu wina wochokera ku Melbourne, wa Rickards ndi Lothian: munthu wosadziwika anatseka sinki ya pamwamba n'kutsegula mpope usiku, katundu wa wapansi n'kuwonongeka, koma oweruza a Privy Council anati madzi a m'mipope ndi chinthu wamba m'nyumba, munthu sangalipitsidwe chifukwa chongokhala nawo. Malamulo athu anatengera zambiri kwa Angelezi, choncho wodandaula ayenera kuonetsa kuti wina sanasamale. Mpope wosiyidwa chitsegulire ndi wa wokhalamo. Paipi yowolera mkati mwa khoma kapena giza yokalamba nthawi zambiri ndi za mwini nyumba, malinga ndi pangano la lendi, lija aliyense amakumbukira kuti anasaina koma palibe akudziwa komwe analiika.

Apa pulambala amasanduka woweruza. Woitanidwa ndi wapansi amapeza kuti ndi mpope, woitanidwa ndi wapamwamba amapeza kuti ndi paipi yakale, ndipo onse awiri amalandira ya mayendedwe.

Mndandanda wa zowonongeka nawo ndi nthano payokha. Wailesi yomwe inafa kalekale imaukitsidwa kuti idzafenso ndi madzi. Kapeti ya pakaunjika imakumbukiridwa kuti inachokera ku Dubai. Wapamwamba naye sachepa: amati kachitini kamodzi ka penti kakwana, ndipo mtengo womwe akuudziwa ndi wa kwacha isanachepetsedwe mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mukamuonetsa kotesheni ya ku hadiweya amausa moyo n'kunena kuti, "Aneba, madzi akatayika sawoleka."

Za inshulansi timazitchula ngati m'bale wa ku Joni: tonse tinamumvapo, ochepa anamuona. Za khoti ena amalimbikira, amati kwa majisitireti mlandu waung'ono wa ndalama munthu amadziyankhulira yekha popanda loya, ndipo akunena zoona. Ena amakumbutsa kuti amene mwamusumirayo mukumana naye pamasitepe m'mawa uliwonse, ndiponso ndi amene amaanulako zovala zanu mvula ikayamba. Nawonso akunena zoona.

Tikamvetsera bwino, amene anabwezeredwako kanthu si aja anakalipa kwambiri. Ndi aja anajambula zithunzi usiku womwewo, n'kukwera kukagogoda kuti, "Achimwene, tatsikani mudzaone nokha," madzi akadali kudontha. Anaitana wapampando wa fulati kuti akhale mboni, pulambala analemba papepala zomwe wapeza, malisiti anasungidwa. Ndalamayo inabwera pang'onopang'ono pa Mpamba kapena Airtel Money, mwina theka lokha, lina n'kuchotsedwa pa lendi a landilodi atapezanso netiweki.

Pakatha milungu ingapo banga lachikasu limatulukiranso pa penti watsopano. Ena amati pamwamba ayambanso, ena amati wapansi anathamangira kupenta siling'i isanaume.