Nyakwawa wa Mudzi wa Timabokosi

Unyakwawa sindinachite kuupempha. Ndinangovomera kulipira lendi ya seva mwezi woyamba, basi anthu n'kuyamba kunditcha Mfumu. Mudzi wake ndi wa mu Minecraft, masewera a timabokosi aja omwe anayambira ku Sweden mu 2009, omwe Microsoft inagula mu 2014 pa mtengo wa madola 2.5 biliyoni. Ife a m'mudzi muno tilipo khumi ndi awiri okha: asuweni a ku Lilongwe, mphwanga wa ku Zomba, alamu anga a ku Johannesburg, ndi mwana wa achemwali anga amene ali ku Manchester. Lendi ija mpaka lero ndimalipira ndekha. Ufumu wake ndi umenewo.

Tsono pa 30 Novembala 2021 a Mojang, opanga masewerawa, anatulutsa 1.18, gawo lachiwiri la Caves & Cliffs. Pansi pomwe tinkathera pa 0 panazama mpaka -64, kumwamba komwe tinkalekezera pa 256 kunafika pa 320. Gulu lathu la pa WhatsApp linang'ambika pakati tsiku lomwelo. Awa akuti kwezani seva lero lomwe. Awo akuti amene akhudze seva aona zakuda. Chomwe chinkawagwirizanitsa ndi ngongole ya lendi basi.

Woyamba kugwa m'mbuna anali msuweni wanga wamng'ono. Masewera a pa laputopu pake anadzikweza okha pomwe seva inali ikadali pa 1.17.1, ndiye chitseko chinamukana. Uthenga wa Chingerezi womwe unatuluka sanauwerenge. Anangoti basi, andipitikitsa m'mudzi. Pakati pa usiku ndinalandira voice note ya mphindi zinayi: "Achimwene, chifukwa chake ndikuchidziwa. Hatchi yanu ija ndinaba ndine. Nkhumba zinatuluka m'khola zija ndinatsegulira ndine. Koma za denga la alamu lija, ine ndinangogwirizira moto, woyatsa anali wina." Hatchiyo tinkati inagwera kuphompho. Za denga tinanamizira mphezi, mpaka alamu anaika mtengo wachitsulo woteteza mphezi pamwamba pa nyumba yatsopano. Ndinamuyankha kuti bwalo likumana, n'kumusiya panja masiku awiri kuti mwina aulula zinanso. Anaululadi.

Dziko likakwezedwa silibwerera m'mbuyo. Ukalitsegula ndi 1.18 kamodzi kokha, n'zomwezo. N'chifukwa chake umayamba wakopera foda yonse n'kuisunga padera, zija amati backup. Ntchito imeneyi ndinapatsa mphwanga, poti ndi amene amadzitcha nduna yanga. Patapita ola anandilembera kuti, "Ndasunga zonse achimwene, musadandaule." Ndinati tumiza ndione. Zinafika zithunzi khumi ndi zinayi za nyumba yake, kutsogolo, kumbuyo, m'mbali, china anachijambula dzuwa likulowa.

Backup ndinapanga ndekha, magetsi n'kuthima itatsala pang'ono kutha, ndinayambiranso. Zimenezi si nthabwala, ndi moyo wa tsiku ndi tsiku.

Nditaikamo 1.18, seva inakana kudzuka. Inangolavula mizere yofiira n'kugonanso. Ndinalemba pagulu kuti vuto ndi Java, seva ikufuna Java 17, ife tili ndi wakale. Alamu anayankha mwachangu: "Alamu, Java ameneyu ndi wa ofesi iti? Ingomupatsani kangachepe, tisachedwe." Ndinawafotokozera kuti ndi pulogalamu imene seva imayendera, ndipo ndi yaulere. Iwo anati chinthu chaulere chimene chikutseka njira sanachionepo chibadwire, ndifufuze bwino, pali munthu kumbuyo kwake.

Koma mlandu weniweni unabwera ndi mapulagini. Seva yathu imayendera pulogalamu ya Paper, ndipo timabokosi ta chuma timakiyidwa ndi pulagini ina yomwe anailemba munthu wongodzipereka kudziko lakutali, yemwe ali ndi ntchito yake, banja lake, ndipo sadziwa kuti ku Zomba kuli anthu amene akumudikira. Ya 1.18 inali isanatuluke. Ine ndinati tidikire. Gulu linati tsegulani Mfumu, tonse ndife pachibale, angabere mnzake ndani? Ndinatsegula cha m'ma 9 koloko usiku. Pomwe tambala amalira, m'mudzi monse munalibe dayamondi ngakhale mmodzi pamalo pake. Chodabwitsa n'chakuti aliyense anaberedwa, ndipo aliyense analemera. Dayamondi wa alamu anapezeka kwa mphwanga, zida za mphwanga kwa msuweni, nkhosa za msuweni m'khola la mwana wa achemwali, zitapakidwa kale utoto wina kuti zisazindikirike. Pabwalo onse anayankha mofanana ngati anachita kupangana: "Ndimangokusungirani, poti kunalibe loko." Mlandu umenewu unadya masabata awiri ndi bandulo yanga yonse ya mwezi. Chigamulo chinali choti aliyense asunge zomwe ali nazo, popeza titawerengetsa tinapeza kuti palibe amene anapindula, kupatula mwana wa achemwali yemwe anakana kubweza nkhosa ponena kuti zinamuzolowera.

Msuweni wamkulu ndiye anali asanamve bwino nkhani ya -64. Iye chuma chake anachikwirira pansi penipeni, pa bedrock, mwala umene sukumbika, ndipo ankatinyadira kuti mbala ingamudzere kulikonse koma osati kunsi. Sanadziwe kuti seva ikakwezedwa, bedrock wakale uja amasanduka deepslate, mwala wokumbika, ndipo kunsi kwake kumabadwa mapanga atsopano. Atauona mwala wachilendo pansi pa chipinda chake, anaugogoda kuti aone. Unasweka. Anagogodanso wachiwiri, ataima pamwamba pake. Mwana aliyense wa Minecraft amadziwa kuti sukumba pomwe wapondapo. Anatsika ngati thumba la chimanga, chuma chonse chili m'matumba poti amachisamutsa kuopa mbala, n'kukathera m'chiphalaphala chamoto. Pagulu anangolemba mawu awiri: "Pansi pachoka."

Achimwene anga aakulu saona chachilendo pa zonsezi. Iwo anakwiya mu 2016, pomwe 1.9 inabweretsa lamulo loti ukatema ndi lupanga uzidikira kaye pang'ono usanatemenso. Amati lupanga lomachita kupumira ngati waganyu pa mzere si lupanga. Chiyambire chaka chimenecho, nthawi iliyonse tikamakweza seva amalemba kuti, "Masewera anathera pa 1.8, izi ndi zidole." Akatero amalowa woyamba, n'kutuluka womaliza.

Mwana wa achemwali uja anayenda ulendo wautali kukafuna mapiri atsopano, poti amangomera kumalo komwe sikunafikeko munthu. Anawapeza. Anakwera mpaka pansonga, mbuzi inamugunda, anagwera m'chipale chofewa chomwe chimameza munthu, n'kufa ndi kuzizira. "Ankolo," anatero, "ine ndimalowa muno pothawa chisanu cha ku Manchester."

Titangoti tipume, patatha masiku khumi okha chitulukireni 1.18, kunamveka mbiri ya Log4j: kachibowo m'pulogalamu komwe munthu woipa ankatha kulanda kompyuta ya wina pongolemba uthenga pamalo ochezera m'masewera. Pa 10 Disembala kunatuluka 1.18.1 yotseka bowolo, ndipo aliyense wokhala ndi seva anayenera kukweza msangamsanga. Alamu atamva kuti vutoli likukhudzanso Java, anati, "Si uja ndinanena? Mukanamupatsa poyamba paja."

Ndinaitananso nduna yanga. Ndinamufotokozera pang'onopang'ono, ngati wophunzitsa Sande sukulu, kuti backup si chithunzi, chithunzi sichingabwezeretse mudzi, tikufuna chinthu chathunthu, chokhala ndi zonse mkati. Anati, "Ndamva achimwene, ulendo uno sindikukhumudwitsani." Patapita maola awiri foni inalira. Inali vidiyo ya mphindi zisanu ndi zitatu, akuyenda nyumba ndi nyumba, waikamo ndi nyimbo.