Njinga yodya mayunitsi

Kuno kumapiri a Dowa ndi Ntchisi ukwati umene sufuna ankhoswe ndi umodzi wokha, wa munthu ndi njinga yake yakapalasa. Potsetsereka njinga imanyamula munthu, pachikweza munthu amanyamula njinga, ndipo palibe amene amadandaula kuti mnzake akumudyera masuku pamutu. Ine ndili m'gulu la amuna amene timadzitama kuti timapita kuntchito pa njinga, pomwe zoona zake n'zakuti timapita limodzi ndi njinga, titaigwira nyanga ngati mbuzi yokana kukalowa mumsika. Wodziwa msewu wochoka ku Dowa boma kupita ku Chezi, kapena tinjira ta m'mphepete mwa phiri la Ntchisi tolowera kwa Nthondo, akudziwa kuti kuno mtunda sitiyesa ndi makilomita. Timayesa ndi kuchuluka kwa malo otsikira. Ndiye kwamveka kuti kunja kuno kuli njinga yopalasa ndithu, koma yokhala ndi batire ndi kamota kothandiza miyendo pachitunda. Ine ndalingalira, ndipo ndikuti njinga imeneyi anapangira ifeyo. Opangawo anangolakwitsa adiresi n'kuyamba kuigulitsa kwa anthu a ku Amsterdam, kumene chitunda chachikulu ndi mlatho.

Tiyambe ndi masamu, ngakhale ine ndi masamu tinasiyana mwamtendere kalekale. Munthu wamba wodya nsima yake bwino, akamapalasa nthawi yaitali osapumira, amatulutsa mphamvu yozungulira mawati 100. Kamota ka njinga zamagetsi zambiri n'ka mawati 250. Kunena mwachimvekere, zili ngati anyamata awiri ndi kamwana akukukankhani kumbuyo, osapempha ya ganyu, osakusekani. Pamalo athyathyathya thandizo limeneli n'lamwanaalirenji, chifukwa njinga ikayamba kuyenda imangofuna kukumbutsidwa. Pachikweza ndi pamene kilogalamu iliyonse imayamba kulankhula: thupi lanu, chitsulo cha njinga, thumba la chimanga la makilogalamu 50 pakeliyala, kuphatikizapo mimba imene ena a ife timaitcha chizindikiro cha udindo. Mankhwala amapita kumene kuli matenda. Ngati pali dera m'chigawo chapakati limene miyendo yake ikuyenera kulandira chithandizo, ndi lino, kumene mphunzitsi amafika pasukulu malaya atamatirira pamsana ndipo phunziro loyamba la tsikulo limakhala kupuma mozama ana akuonerera.

Otsutsa oyamba ndi amuna anzanga a pabawo. Iwo akuti njinga yothandizidwa ndi ya aulesi, mwamuna weniweni amakwera phiri ndi ntchafu zake. Mawuwa akanandilasa akanakhala kuti akuchokera kwa ogulitsa makala, amene amakankha matumba osanjikizana kutalika kuposa iwo eni kuyambira tambala woyamba. Koma amenewo sanena zimenezi, alibe mpweya wotaya. Onena ndi aja amene njinga zawo zinaphwa matayala nthawi ya chisankho chapitacho, ndipo akafuna kupita ku Mponela amakwera kabaza n'kumamulangiza mnyamatayo kapalasidwe ali phee kumbuyo. Komanso njinga yamagetsi siikuchotserani ntchito yonse. Zambiri mwa izo kamota kamadzuka pokhapokha inu mukupalasa, mukasiya nako kamasiya, ngati mnzanu wa paganyu amene amayang'ana khasu lanu asanakweze lake. Ulesi wake ndi wochepa kwambiri moti ine, amene ndimaudziwa bwino ulesi, ndinakhumudwa pang'ono nditamva.

Otsutsa achiwiri ali ndi mfundo yolemera. Akuti: achimwene, mudzaitchaja kuti? Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno nyumba pafupifupi 11 pa 100 zilizonse ndi zimene zinkaunikira magetsi a pawaya, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chochepa kwambiri kuposa pamenepa. Ngakhale kumene mawaya anafika, tonse tikukumbukira Januwale 2022, pamene namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 mpaka chaka chotsatira. Mvula kugwa ku Chikwawa, ometa tsitsi ku Madisi kusiya anthu mitu theka. Walira mvula walira matope, ndipo wolira njinga yamagetsi walira soketi. Ndikuvomera. Koma taonani kadyedwe kake. Batire la njinga yotere limasunga magetsi ozungulira theka la yuniti imodzi, ndipo limakhuta pa maola angapo. Theka la yuniti ndi lija limatha mayi akusita mayunifomu a ana Lamlungu madzulo. Magetsi athu amathimathima, inde, koma amabweranso, nthawi zambiri pakati pa usiku ngati mwamuna wolakwa, ndipo batire silifunsa kuti munali kuti. Limangodya.

Pano ndiyenera kutchula mnansi wathu wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, William Kamkwamba. Iye ali mnyamata, njala ya 2002 isanaiwalike, anatenga njinga ya bambo ake ndi dayinamo n'kupanga makina oyendera mphepo otulutsa magetsi, dziko lonse n'kumudziwa. Iye anatenga njinga kupanga magetsi. Ine ndikufuna kutenga magetsi kupanga njinga, ndipo palibe amene adzalembe buku la ine.

Wina anena za sola, poti dzuwa ndilo lokha limene silinatipemphepo mayunitsi. Kasola kotchajira foni ndi kuyatsa babu limodzi sikangakhutitse batire ili, pamafunika chisola chokulirapo ndi tsiku lathunthu la dzuwa. Vuto lake n'loseketsa: masana dzuwa lili pakhomo, njinga ili kuntchito, usiku njinga ili pakhomo, dzuwa lapita. Ndi banja la mlonda ndi mkazi wogulitsa pamsika, amangokumana pachipata. Komabe munthu woyenda ulendo umodzimodzi tsiku lililonse ali ndi mwayi umene wamalonda woyendayenda alibe. Kumene akupitako, kaya ndi pa boma, pa Mponela, pa Malomo kapena pa Lumbadzi, n'kumene kuli mawaya. Batire limachoka pa njinga, mumalinyamula ngati buledi, ndipo malo amene amatchaja mafoni a mudzi wonse pamtengo angathenso kulilandira mukagwirizana. Kutchaja kuofesi nakonso n'kotheka, bola abwana akhale oti mumawapatsa moni ndi manja awiri.

Nanga bwanji osangogula yamoto, monga achitira anyamata onse amene Lifo zawo zadzaza pa siteji iliyonse? Funso ili limafunsidwa ndi munthu amene waiwala msanga. Kuyambira 2022 taona mizere ya mafuta yobwerezabwereza, amuna akuluakulu akugona pa filing'i siteshoni atakumbatira zigubu, ena akugula petulo wa m'mabotolo pamtengo woti munthu umayamba wakhala pansi. Petulo yense amalowa m'dziko muno ndi ndalama zakunja, akudutsa ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, pomwe magetsi athu ambiri amachokera m'madzi a Shire, ena ku dzuwa la ku Salima, kuseri kwa mapiri omwewa. Yamoto imafunanso laisensi, inshulansi ndi chipewa, ndiponso mtima wolimba ukaona zovala za apolisi apamsewu patsogolo. Anzathu a ku Rwanda, dziko lodziwika ndi mapiri ake, anaona kale zimenezi: ku Kigali akabaza ambiri a njinga zamoto amayendera magetsi, batire likatha amakalisiya pamalo osinthira n'kutenga lodzadza, monga timachitira ndi botolo la Fanta pagolosale. Amene akukayika akafunse ku msasa wa othawa kwawo wa Dzaleka, kumene kuyambira 1994 kwakhala anthu odziwa mapiri a kumeneko kuposa ine.

Pa mtengo pokha ndilibe chonena chanzeru. Njinga imeneyi imagulidwa ndi madola, ndipo kwacha yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kutsetsereka kumene ngakhale njinga yopanda mabuleki singakupikisane nako. Batire nalo limakalamba. Likatchajidwa maulendo mazana angapo limayamba kuiwala ntchito, ndipo latsopano limadya gawo lalikulu la mtengo wa njinga yonse. Amisiri athu a pansi pa mtengo wa mango, amene amatha kuukitsa Humber ya agogo ndi waya ndi mphira, akaona kamota amayamba kukanda m'mutu. Koma amisiri omwewa zaka zapitazo sankadziwa njinga yamoto ya ku China, lero amaimasula ali m'tulo, ndipo anyamata okonza mafoni pa Mponela sanapite ku koleji ya mafoni. Luso limatsata katundu. Ndalama ndi imene siitsata munthu, ndipo ku banki mkhonde mukatchula ngongole ya njinga yamagetsi, amayi amakuyang'anani ngati mwapempha ndalama yogulira ndege.

Zonsezi ndi zopirika. Chotsutsa chenicheni, chimene mabuku a opanga njinga sanachiganizire, ndi chibale. Kwathu kuno njinga siikhala ya munthu mmodzi. Wogula ndi amene amasunga lisiti basi. Kukagwa maliro, njinga yanu ndiyo ikanene uthenga. Ufa ukatha kwa apongozi, njinga yanu ndiyo ipite kuchigayo. Mwana wa mnansi akatentha thupi usiku, palibe munthu wamoyo amene angakane, ndipo sayenera kukana. Koma pali gulu lina, la alamu, limene limabwereka njinga kuti "ndingofika apa" n'kubwera nayo mawa lake itanyamula fungo la kumowa ndi sipoko imodzi yosowa. Ngati ndinu mkamwini, wokhala pamudzi wa eni, mawu akuti "ayi" munawasiya kwanu tsiku la ukwati. Tsopano taganizani mudzi utamva kuti kwa uje kuli njinga yokwera yokha phiri. Atsibweni adzakumbukira abale a ku Mvera amene sanawaone chimwalilire Kamuzu mu 1997. Anyamata adzayamba zibwenzi kutsidya la mitsinje itatu. Batire limene pachigwa lingayende makilomita makumi angapo, pamapiri athu ndi mlamu wonenepa atakweza mnzake lidzabwera lili gwa, ndipo m'mawa mwake mwini wake, amene ndi ine, adzakankha njinga yolemera makilogalamu oposa 20 pachikweza chomwe chija, mudzi wonse ukufunsa ngati magetsi athima.

Pamenepa ndinatsala pang'ono kugonja, koma yankho lili m'chotsutsa chomwecho. Batire limachoka. Mlamu akabwera, musamukanize, mwambo sulola. Mupatseni njinga ndi nkhope yowala, mumufunire ulendo wabwino, batire lili m'chikwama pansi pa bedi. Njinga yamagetsi yopanda batire ndi chilango chokhala ndi matayala, ndipo munthu amene waikankha kamodzi kukwera nayo ku Kongwe sadzabweranso, adzauzanso ena kuti chinthucho n'chabodza. Wodwala ndi wa uthenga wa maliro okha ndiwo azipatsidwa zonse ziwiri. Chenjezo limodzi lokha: batire lotere likatchajidwa ndi tchaja yachinyengo limatha kugwira moto, choncho pansi pa bedi lizingogona, lisamadyere pomwepo, makamaka ngati denga lili la udzu. Mlamu angakhululuke nkhani ya batire, koma apongozi sadzaiwala nyumba.

Chigamulo changa n'chakuti wa kumapiri amene ali ndi ulendo wa tsiku ndi tsiku, soketi kumapeto kwa ulendowo, ndi ndalama ya soya kapena ya fodya imene sinalonjezedwe kale kwa wina, agule, ndipo asamvere a pabawo. Ine ulendo ndili nawo, soketi ndaipeza, chikwama chobisamo batire chiliponso. Mukandipeza pachikweza ndikukankha yakale ija, musandifunse kuti yamagetsi ili kuti. Ingogwirani kukeliyala tikankhire limodzi.