Ndinapita Kukagula Kudekha Mtauni

Agogo anga kwathu ku Katete ankakonda kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ankanena ali khale pamkeka, fodya ali m'mphuno, ndipo mbalame iliyonse yodutsa pamudzi ankaidziwa ndi kulira kwake kokha, osadzutsa n'komwe mutu. Ine mdzukulu wawo wa ku Emmasdale mu Lusaka ndinaona kuti kudekha kumadya nthawi, ndiye ndinaganiza zongokagula kudekhako mtauni.

Matenda okonda mbalame anandiyamba mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi n'kumabwera ngati mlendo wodzapempha moto. Wailesi yakanema itakhala duu, ndinayamba kukhala panja pansi pa mango. M'pamene ndinatulukira kuti pakhomo panga pali anthu ambiri osalipira lendi: apumbwa, njiwa, mpheta, ndi kena konyezimira kokonda kupsopsona maluwa. Mnzanga wina anandiuza kuti m'Zambia muno muli mitundu ya mbalame yoposa 750, ndiponso kuti kuli bungwe la BirdWatch Zambia lomwe linayamba mu 1969. Ine nditawerenga zomwe ndinkazidziwa, zinakwana 9, kuphatikizapo nkhuku ndi nkhwazi ya pambendera.

Bainokyula yoyamba ndinaigula kuseri kwa Cairo Road, kwa mnyamata wina amene ankagulitsanso matochi ndi malamba. Anaipukuta ndi malaya ake n'kundipatsa.

"Mudala, iyi ni ya basilikali. Mukaimilila ku Emmasdale muzaona vamene bakudya ku Kabulonga."

Pamwamba pake analembapo 60x60, ndipo magalasi ake anali psuu ngati maso a munthu wochezera kumowa. Mtengo wake unali wa nkhuku ziwiri zachikuda. Nditafika nayo kunyumba ndinaloza khwangwala amene anali pamtengo wa magetsi. Akhwangwala anakhala awiri, onse obiriwira, onse akunjenjemera ngati agwidwa malungo. Pasanathe mphindi zisanu mutu unali waa. Mvula ya mu Disembala itabwera, m'kati mwake munalowa nkhungu yomwe sinatulukemo mpaka lero. Safunsa anadya phula, ine ndinadya la magalasi ofiira.

Ndiye ndinafunsa. Manambala ajawa ali ndi tanthauzo lake. Yoyamba imanena kuti chinthu chikuyandikira kangati, yachiwiri ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita. Okonda mbalame ambiri amayenda ndi 8x42. Munthu wa umbombo ngati ine amati 8 wachepa, koma nambala ikamakula, kunjenjemera kwa manja nakonso kumakula, ndipo malo amene ukuona amapanikizika, moti kupeza kambalame m'masamba kumakhala ngati kusaka singano ndi tochi. Mpaka 10 manja amapirirabe. Koma 60 palibe mkono ungaigwire, ndipo yanga ija sinkafikako n'komwe, nambala anangolembapo kuti atinyengerere ife aumbombo. Ukagawa 42 ndi 8 umapeza mamilimita 5 ndi pang'ono, ndiko kukula kwa kadontho ka kuwala kofika m'diso. Kadontho kameneka kamafunika mbandakucha, nthawi imene mbalame zimakhala pa msonkhano.

Tsiku lina cha ku Leopards Hill bambo wina anandibwereka yake ya Swarovski, yopangidwa ku Austria. Abale, sindikadayenera kusuzumiramo. Nthenga iliyonse ya njiwa inaoneka payokhapayokha, moti ndikadadikira pang'ono ndikadadziwanso zimene njiwayo ikuganiza. Zoterezi, pamodzi ndi zapamwamba za Zeiss ndi Leica za ku Germany, zimapyola madola 2,000. Nditatchula nambalayi kunyumba, mayi anasiya kuvundula nsima.

"Abambo, mbalame zimenezo zizilipira ndani sukulu ya ana?"

Komanso ndinaona kanthu kwa mwini Swarovski uja. Nthawi yonse imene ndinaigwira, iye sanaone mbalame ngakhale imodzi, maso anali pa manja anga. Chuma chotere sungakwere nacho minibasi ya ku Matero, sungamubwereke mwana, ndipo kamvula kakawaza umayamba kupemphera. Mbalame zimakhala zikudutsa iwe uli kalikiliki kulondera katundu.

Zapakati m'zimene zinandisautsa koposa, chifukwa n'zambiri ndipo zonse n'zokoma. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Miyezi itatu ndinali pafoni usiku, lero Nikon Monarch, mawa Vortex Diamondback, mkuja ndabwereranso. Zamtunduwu zimasewera pakati pa madola 200 ndi 400, ndipo kwa maso anga a zaka izi kusiyana kwake ndi zodula zija n'kochepa kuposa kusiyana kwa mitengo yake. Mlamu wanga wopita ku Johannesburg atatopa nane anati ndisankhe tsiku lomwelo apo ayi andigulira nsapato. Ndinamutuma 8x42 yosalowa madzi, ndipo ndinamupatsa malamulo ngati akukafunsira mbeta. Aiimike patali ndi nkhope moloza kowala, timadontho tiwiri tija tioneke tobulungira bwino. Ayang'ane waya wa magetsi, akhale mmodzi. Timphete ta kumaso tizipotoleka chifukwa ndimavala mandala. Kulemera kusapitirire kwambiri magalamu 700, poti khosi ndi langa.

Chimene sanandiuze aliyense n'choti ku Emmasdale mipanda ndi yogundana. M'mawa woyamba ndili pa mpando ndikutsata pumbwa, ndinangomva mawu kuseri kwa khoma.

"Aneba, mwadzuka bwanji? Kodi mukufunafuna chiyani kwathu kuno?"

"Mbalame, achimwene."

"Mbalame yake iti? Ine ndikuona alamu anu akuyanika zovala."

Pumbwa, mboni yanga yokhayo, anali atauluka kale. Ndipo nditayamika kadzidzi amene analira padenga lawo usiku wina, moni unatha sabata ziwiri.

Ndinathawira ku Lusaka National Park, yomwe inatsegulidwa mu 2015 kumwera chakum'mawa kwa mzinda. Ndinafika ndi mtima wa munthu amene walipira, wofuna kuona zonse isanakwane nkhomaliro. Ndinaona michira yokhayokha. Ndikati ndikweze bainokyula, ndinkayamba ndayang'ana pansi kuifuna pachifuwa, pobwerera kumtengo nthambi ili yokha. Gogo wina wovala chipewa chakutha anandiuza kuti maso asachoke pa mbalame, galasi ndilo lizibwera kumaso, ndipo koposa zonse ndikhale pansi. Ndinakhala monyinyirika. Patapita theka la ola tchire linandiiwala, tinthu n'kuyamba kutuluka tokha. Ndinachita manyazi ngati agogo akundiona, poti malangizo omwewo anandipatsa ulere pamkeka paja.

Dzana mvula itakata, mwana wanga wamng'ono anandilanda bainokyula n'kuitembenuza chakumbuyo. Ndinati ndimukalipire, koma iye anali atagwada kale pakhoma la bafa pomwe pankakwawa nkhono. Anayandikiza galasi laling'ono pafupi kwambiri ndi nkhonoyo, diso lake lili ku galasi lalikulu.

"Adadi, bwerani, koma musapume."

Ndinagwada m'matope ndi buluku la kutchalitchi. Tinadikira. Tinyanga tiwiri tatitali tinatuluka pang'onopang'ono, ndipo kunsonga kwa kalikonse kunali kadontho kakuda, kakundiyang'ana. Ndinangoti "Haa!" Nkhono n'kubweza tinyanga tonse m'kati, mwana n'kunditsina pantchafu.