Mlomo wa tayala sumva nyundo

Okondedwa Achimwene,

Kuno ku Johannesburg tilipo, kungoti randi imalowa m'thumba ngati mlendo wongopempha madzi akumwa. Ndalemba poti nyengo yokokera mabelo a fodya ku Chinkhoma yafika, ndipo ndikudziwa kuti tayala la ngolo kapena la kapikapu likaphwa, mudzi wonse usonkhana pachigafa ndi nyundo, mipini ya makasu ndi nzeru zobwereka. Mfundo yanga ndi yakuti mlomo wa tayala suchoka pa limu pomenya ayi, umachoka popanikiza. M'mphepete mwa tayalamo opanga anakulungamo mawaya achitsulo, ndipo limu ya matayala opanda chubu ili ndi kamtumbira kogwira mlomowo kuti usaterereke ngakhale mpweya utachepa. Kuphatikiza dzimbiri ndi fumbi la msewu wa ku Chamama, basi ukwati wa kutchalitchi umenewo. Nyundo ikagunda labala imangonjanja, mphamvu yonse n'kubwerera m'mapewa mwanu. Ikaphonya yapinda limu, ndipo limu yopindika imaba mpweya usiku uliwonse.

Masulani kaye kamtima ka valavu mpweya wonse uthe, thirani madzi a sopo kuzungulira mlomo, gonekani tayala kunsi kwa galimoto. Phazi la jeke liponde labala pafupi penipeni ndi limu, mutu wake ukankhe chitsulo cholimba cha galimotoyo, muzikweza pang'onopang'ono mpaka mumve kuti phu! Mukatero sunthani tayala, mupanikize pena. Zoterezi n'zochititsa manyazi kuuza mlimi wa fodya wa ku Kasungu, munthu amene amadinda belo ndi jeke, osati ndi chibonga.

Mwina munena kuti ndadyera makina a kuno. Makinawo, Achimwene, nawonso samenya. Kafosholo kachitsulo kokankhidwa ndi mpweya kamangopanikiza mbali ya tayala, kusiyana kwake n'koti mwini wake wavala ovolosi ndipo amapereka lisiti. Ena anena kuti chachangu n'kupondetsa tayalalo ndi galimoto ina. Zimathekadi, makamaka mukayala thabwa, koma woyendetsa akaphonya ndi chala chimodzi waponda limu, ndipo woyendetsa wa tsikulo kawirikawiri amakhala mlamu amene anaphunzirira chiwongolero pa ngolo. Dandaulo lomveka n'lakuti jeke imatha kuterereka kapena kuvulaza mbali ya tayala. Ilo ndikulivomera, n'chifukwa chake pansi pakhale polimba, galimoto muitchinge ndi miyala, ana ndi opereka malangizo aime patali. Za petulo ndi machesi pobwezera mlomo pa limu, zisiyireni a pa Facebook. Chigafa chodzaza fodya wouma sichidziwa nthabwala.

Mundilonjerere amayi ndi ana onse. Pampu ndipatsira wa basi mwezi ukatha, koma nyundo ija mubise kaye alamu asanaione.

Ine mphwanu wa ku Joni