Viza yanga siinamwalire, Olemekezeka

Anthu opereka maviza analemba okha, popanda wowaopseza, kuti mwamuna wotsatira mkazi wake amene akugwira ntchito ya unesi ku Britain amamva yankho pakatha milungu itatu. Ofesi yake sinditchula dzina, chifukwa pasipoti yanga ikadali m'manja mwawo, ndipo munthu sunyoza ng'ona miyendo ili m'madzi.

Zonse zimene anafuna ndinapereka. Anadinda zala zanga zonse, anandijambula nditaletsedwa kumwetulira, anatenga mtchatho wa ukwati wathu, anatenganso chikalata cha dokotala chotsimikiza kuti m'chifuwa mwangamu mulibe TB. Malipiro ake amawerengera m'mapaundi, ndipo inu mukudziwa kuti chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, paundi timangoipatsa moni patali. Pa mapepalawo ndinalembedwa m'gulu limodzi ndi ana, gulu la anthu odalira mayi. Ndinameza malovu n'kusayina, ine mutu wa banja.

Milungu itatu ija inakwana, inabereka ana, anawo nawonso akula. Chimanga chimene chinkalekeza m'maondo pamene ndinkadinda zala tinakolola, tinakonola, ndipo gaga wake nkhuku zamaliza. Chikalata cha TB chija chimagwira ntchito miyezi isanu ndi umodzi yokha, moti masiku ano ndikafuna kutsokomola ndimayamba ndatseka mawindo, kuopa kuti angandimve ku London.

Chowawa kwambiri n'chakuti ndinatsanzika kale. Kutchalitchi anandiimiritsa kutsogolo, abusa anandisanjika manja, amayi anandiimbira. Njinga ndinagulitsa, n'kugula chijasi cholemera cha pa kaunjika. Lero ndikamadutsa pa bawo wapansi, anyamata amaimitsa masewera n'kufuula kuti, "A UK, mwafika liti? Kuzizira bwanji kumeneko?"

Tsiku lina mayi a kunyumba anaimba foni kuchokera ku Manchester.

"Bambo a ana, musadandaule. Nkhani ija ndalembera aphungu a dera lathu kuno."

Mtima unagunda. "Aphungu? Mayi, watisiya ndani?"

Musandiseke. Ine chibadwire ndimadziwa kuti phungu ndi munthu amene umamufuna pakagwa maliro. Ntchito yake ndi bokosi, galimoto yonyamula thupi, thumba la ufa la pa siwa, ndi mawu ochepa kumanda atavala suti yakuda. Ndinamvapo kuti ku Lilongwe amakapanganso malamulo, koma ndinkayesa kuti zimenezo amachita pa nthawi yopuma, akamadikira maliro ena.

Mayi anandikhazika pansi pa foni pomwepo. Akuti ku Britain kuli aphungu 650, ndipo aliyense ali ndi antchito olembedwa kuti aziwerenga madandaulo a anthu amoyo. Ukalemba keyala ya nyumba yako pa intaneti, dzina la phungu wako limatuluka. Umamulembera kalata, ndipo chinthu choyamba chimene amafuna kudziwa n'chakuti ukukhaladi m'dera lake, poti mwambo wawo sulola phungu kulowerera nkhani ya munthu wa dera la mnzake. Kenako amafuna dzina la wodikira vizayo, tsiku lake lobadwa, nambala ya fomu, tsiku limene anapereka mapepala, ndi chilolezo choti afunse m'malo mwake. Akatero amalembera unduna woona za maviza, ndipo undunawo unadziikira wokha malire akuti uziyankha makalata a aphungu pasanathe masiku 20 ogwira ntchito.

"Nanga munapita ndi chiyani?" ndinafunsa. "Tambala? Kapena munangogwada?"

"Ndinalemba ndili pa basi, pochokera ku ntchito ya usiku."

"Munayamba ndi mawu akuti Olemekezeka?"

"Ndinangowatchula dzina."

Ndinagwira pakamwa. Mkazi amene ndinamutenga kwa makolo aulemu akutchula phungu dzina, ali chikhalire pa basi! Anandiuzanso kuti popeza Malawi ali mu Commonwealth, iwo ali ndi ufulu woponya voti kumeneko, ndipo pa 4 Julayi 2024 anakavota. Sanalandire chitenje, tisheti, ngakhale kapu ya thobwa. Phunguyo sanafunse n'komwe kuti voti yawo inapita kwa ndani. Ndinangoti dziko limenelo lili ndi mavuto ake: anthu 650 akudya misonkho, koma palibe ndi mmodzi yemwe wodziwa mtengo wa bokosi.

Mlamu wanga wa ku South Bend, ku Indiana, atamva nkhaniyi anati ku America n'chimodzimodzi. Kumeneko kuli aphungu 435 ndi maseneta 100, ndipo viza kapena chikalata chikamatirira penapake, anthu amathamangira ku ofesi zawo. Koma asanafunse chilichonse amakusayinitsa fomu yowaloleza, chifukwa lamulo lawo la 1974 limaletsa boma kuulula za munthu mwini wake asanavomere. Ndinamufunsa ngati ndingayesere mwayi kumeneko. Anandikumbutsa kuti mu Ogasiti 2025 dziko la America linayamba kufuna chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000 kwa Amalawi ndi anthu a ku Zambia ofuna viza yokacheza. Ndinawerengera pa chikhatho n'kupeza kuti ndalama imeneyo phungu wathu angaikire maliro mudzi wonse, nkhata zamaluwa zili pomwepo.

Usiku umenewo nsanje inandigwira. Kodi ine ndine wamasiye? Mayi ali ndi phungu, mlamu ali ndi phungu ndi maseneta awiri, nanga ine? Pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 mipando ya aphungu athu inakwera kuchoka pa 193 kufika pa 229. Ndinaona kuti pa anthu ochuluka chonchi sipangalephere kupezeka mmodzi wokweza foni n'kunena kuti, "Halo London, mutulutsireni munthu wangayu." Safunsa anadya phula. M'mawa ndinavala chijasi chija, ngakhale dzuwa linali loswa mtengo, kuti aone okha kuti ndine munthu wa pa ulendo.

Ofesi ya phungu wathu ndi geti la kunyumba kwake. Ndinapeza anthu atandanda m'mbali mwa mpanda, amayi atafunda zitenje kumutu, abambo zipewa zili m'manja. Pampando wapulasitiki panakhala mnyamata wa bwana, kope lachikuto cholimba lili pamwendo, cholembera chomangidwa ndi ulusi. Kopelo analigawa ndi rula m'magawo anayi: maliro, fizi, feteleza, mpira. Gawo la maliro linali litadya kale masamba a anzake.

"Takulandirani, bambo. Watisiya ndani?"

"Palibe, achimwene. Ine nkhani yanga ndi ya viza."

Anagwedeza mutu mwachisoni n'kuyamba kulemba. "Pepani kwambiri. Anali wamkulu kapena mwana? Tidziwe saizi."

"Siinamwalire ayi. Yangochedwa."

"Oho, ili kuchipatala. Ndiye mwafulumira, bambo. Bwana amathandiza zikachitika."

Ndinamufotokozera za milungu itatu, za zala zanga, za Manchester. Anamvetsera mwaulemu, akutembenuza masamba kufunafuna poti andiike. Pa fizi sindinkakwanapo, pa feteleza ayi, pa mpira ndi mimba yangayi ayi. Mapeto ake anandilemba pa maliro pomwepo, koma ndi pensulo, n'kuwonjezera pambali kuti "akuyembekezeka".

Dzuwa litafika paliwombo geti linatseguka, galimoto yamagalasi akuda inatuluka pang'onopang'ono. Mnyamata uja anathamangira n'kunong'oneza kenakake, akundiloza. Galasi linatsika theka.

"Bambo, ndamva za a Viza. Anali munthu wabwino, wokonda chitukuko. Limbani mtima."

Dzanja linatuluka ndi K5,000 yopindidwa. Tsono inu mukanatani? Chipepeso sabweza. Ndinalandira ndi manja awiri, bondo litapindika lokha, ndipo pakamwa panga panatuluka mawu akuti, "Ambuye akudalitseni, Olemekezeka." Ndalamayo ndinagulira bandulo yoonera ngati marehemu atumiza uthenga.

Uthenga unabweradi, koma kudzera kwa mayi. Phungu wa ku Manchester uja anali atafunsa, unduna unayankha, ndipo iye anatumiza yankholo lonse kuti tidziwerengere tokha. Mapepala anga sanatayike, akuwafufuzabe. M'kalata yake phunguyo ananena mosabisa kuti alibe mphamvu yolamula kuti viza iperekedwe, ngakhale yondidumphitsa pa mzere. Chimene angathe ndi kufunsa, kukumbutsa, ndi kuloza ngati penapake palakwika. Anawonjezera kuti angapemphe kuti nkhaniyo ifulumizidwe pokhapokha patakhala chifukwa chachikulu chokhala ndi umboni, monga matenda aakulu kapena maliro a wachibale.

Ndinakhala pansi. Nawonso maliro! Ndawoloka nyanja ndi kalata, ndadutsa aphungu 650, n'kukapezanso bokosi likundidikira kutsidya. Vuto n'lakuti wachibale yekhayo amene ndili naye ku Britain ndi mayi a kunyumba omwewo. Nditayamba kuwafotokozera mwaulemu mmene angathandizire kuti zinthu ziyende msanga, foni inaduka. Mpaka lero akuti inali netiweki.

Viza sinatulukebe. Koma usiku wa kalata imeneyo ndinagona tulo tabwino, ndipo chifukwa chake ndi chimene chandilembetsa zonsezi. Munthu wosankhidwa ndi anthu anafunsa funso m'malo mwa munthu wamba, ndipo ofesi yaikulu inakakamizika kuyankha polemba, pa nthawi yoikika. Ndinadziwa pamene mapepala anga ali. Imeneyo ndiyo ntchito ya phungu, ndipo mtengo wake ndi pepala limodzi.

Phungu wathu sangaimbire London, zimenezo ngakhale chijasi changa chikudziwa. Koma kuno kwathu kuli maofesi ambirimbiri amene angathe kuwafunsa. Kuli aphunzitsi opuma ntchito amene akutha nsapato kulondola penshoni. Kuli amayi amasiye amene chipukuta misozi cha amuna awo chinalowa m'kabati n'kugona. Kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti itaima, mpaka Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera kukauza Nyumba ya Malamulo mu Febuluwale kuti makina alowereredwa ndi akuba a pa kompyuta, anthu anataya maulendo, sukulu ndi ntchito. Ndi angati mwa ife amene tinapita kwa phungu titanyamula risiti, n'kumuuza kuti, "Nambala yanga ndi iyi, kafunseni, mundibweretsere yankho lolemba"?

Kope la mnyamata uja sanaligawe yekha. Tinaligawa ndife. Phungu amene amawerenga bajeti usiku wonse n'kufinya nduna ndi mafunso, koma osaoneka pa siwa, timamugwetsa pa chisankho n'kunena kuti ndi wonyada. Amene amafika ndi bokosi lonyezimira timamuvinira, osafunsa kuti n'chifukwa chiyani kuchipatala kunalibe mankhwala amene akanachititsa kuti bokosilo lisafunike. Nawonso aphungu zimawakomera, chifukwa maliro safunsa mafunso. Ndime 64 ya malamulo aakulu a dziko lino, imene inkatipatsa mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanathe, anaifafaniza okha mu 1995, ndipo ife tinangoti bola abwere kumanda. Malipiro a phungu sangakwanitse kuika maliro a dera lonse. Akamakwanitsa, tiyenera kufunsa kumene ndalamazo zikuchokera.

Tsono inu amene muli ndi wachibale ku Britain kapena ku America ndipo viza yamatirira, sungani nambala ya fomu, dikirani kuti nthawi imene analonjeza idutse, kenako wachibaleyo alembere phungu wa dera limene akukhala. Kalata ikhale yaifupi ndiponso yoona. Musaphe agogo amene akulima bwinobwino kumudzi, chifukwa ku Britain bodza pa nkhani ya viza lingakutsekereni khomo zaka 10. Musalipirenso munthu aliyense wonena kuti amadziwana ndi aphungu akumeneko, poti thandizolo ndi laulere.

Ife otsala kuno, Olemekezeka akadzabwera kudzachititsa msonkhano, gule akatha wina aimirire n'kuwapempha tsiku limodzi pa mwezi, malo odziwika, ndi kalaliki wolemba madandaulo a anthu amoyo. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Tinawasankha kuti akatiyankhulire tikadali ndi mpweya, ndipo tiwauze zimenezo pamaso.